Chiwongo cha Timoteyo

Zulu, Mchinji
6 Meyi 2000

Okondedwa azakhali a Felista,

Landirani moni wa kuno kumudzi. Kaya inu muli bwanji ku Limbeko? Ife tili bwino, kupatula bambo, achimwene anu, amene akudandaula msana chifukwa chokhalira kusankha fodya. Chipitire Pasaka simunatilembere. Kodi kufakitaleko makina anasokerera ndi zala zanu zomwe? Tiuzeniko za kumeneko. Ndipo ngati pali tizidutswa ta nsalu yofiira totsala, mutisungire, atsikana a kusukulu tikufuna timipango tofanana.

Nkhani yeniyeni ndi ya mwana wanu. Timoteyo akuvina ingoma, azakhali! Musaseke. Msuweni wangayu, amene amayenda mozemba ngati waba nkhuku, akagwira chishango amasanduka munthu wina. Anayamba chaka chatha kumangoonerera anyamata akuphunzira kuseri kwa makalasi, kenako n'kumakayeserera yekha kudimba. Lero pasekondale yathu palibe mnyamata amene amaponda pansi ngati iye. Ine ndimatsogolera atsikana poimba ndi kuwomba m'manja, ndiye ovina onse ndimawaona bwinobwino. Sindikumukometsera ayi, mukudziwa kuti ine ndi iyeyu timangokhalira kunyozana.

Pa 8 Julayi kuli mpikisano wa magule a masukulu ku Boma. A Miti, aphunzitsi amene amayang'anira gule, atchula mayina a opita, ndipo la Timoteyo palibe. Nditawafunsa anati, "Luwiza, ingoma ndi ya Angoni. Oweruza akaona mkaladi pamzere adzati tachita kubwereka mwana wa mzungu kuti tikope maso a anthu." Ndinati sitinabwereke, anabadwira pano, mchombo wake unagwera pano. Iwo amvekere, "Nanga akatuluka pamzere kukagiya, mudzamutama ndi chiwongo chanji?" Pajatu mnyamata akatuluka kuti avine yekha, ife atsikana timaimba nthungululu n'kumafuula chiwongo chake. A Miti akuti chiwongo chimachokera kwa bambo, ndipo bambo a Timoteyo ndi mzungu wa kuesiteti amene anabwerera kwawo kalekale.

Ndinapsa mtima, azakhali, mpaka ndinafika kunyumba nditaiwala nsapato pabwalo.

Komanso si pagule pokha. M'kalasi akalakwa samu amati, "Mzungu wanji wosadziwa samu?" Akakhoza amati, "Nanga si magazi a bambo ake." Mabuku a ana osowa atabwera anamudumpha, ati mwana wa mzungu sasowa kanthu, chonsecho therere limene ndimadya ine ndi lomwelo amadya iye. Masiku ano wayamba kujomba. Akuti kusukulu n'kutaya nthawi.

Ndiye ife tagwirizana: ine, mnzanga Esitere, atsikana onse oimba ndi anyamata angapo ovina. Ufulu umene amatilembetsa m'makope uja sungathere pa bolodi. Tapempha kuti tikalankhule pamsonkhano wa komiti ya makolo. Mutiyankhe msanga, tikufuna kumva kuti muli nafe.

Ndine mwana wanu,
Luwiza

Limbe
21 Meyi 2000

Luwiza,

Kalata yako ndalandira. Ndili bwino, ntchito ndiyo yachuluka, tikusoka mayunifolomu osapuma. Upereke moni kwa achimwene ndi alamu. Achimwenewo uwauze asamakhalire kuwerama pafodya tsiku lonse ngati pakhomo palibe ana. Undiuze ngati Timoteyo ali ndi juzi, kuzizira kwa Juni kwayandikira.

Tsopano tamvera. Za gulezo uzisiye lero lomwe.

Iwe unali kumsana kwa amako pamene ine ndinkapita ndi Timoteyo kusikelo. Amayi ankachoka pamzere kudzamugwiragwira tsitsi ngati akusankha nsalu pamsika. Ena ankafunsa pamaso panga kuti, "Mwanayu mwamutola kuti?" Ndiye lero ukufuna umuveke zikopa, umuimike pakati pa bwalo la ku Boma, Mchinji yense amuloze chala? Inu ana a matipate mumaona ngati chilichonse n'choitanira msonkhano. Anthu sadzabwera kudzaona kuvina kwake, adzabwera kudzaseka kamzungu kovala zikopa. Iwe udzawomba m'manja n'kubwerera kwanu ndi mbiri yoti ndiwe wolimba mtima, koma wolozedwa chala adzakhala mwana wanga. A Miti mwina alankhula mosasankha mawu, koma amuthandiza.

Za mabukuzo zandiwawa kwambiri, ndipo zandithandiza kuganiza. Kuno ku Limbe kuli sukulu imene kumaphunzira ana amitundumitundu, amwenye, makaladi, akuda, ndipo palibe amene amatembenuka kuyang'ana mnzake. Ndalankhula nawo, akuti malo angapezeke teremu ikubwerayi. Ndidzabwera kudzamutenga. Kumudziko wakhala mokwanira.

Nsalu yofiira ndilibe. Ngakhale ndikanakhala nayo sindikanakutumizira ya zimenezo.

Azakhali ako,
Felista

Zulu, Mchinji
4 Juni 2000

Okondedwa azakhali,

Moninso. Tonse tili bwino, fodya wapita ku okushoni ndipo msana wa bambo wachira tsiku lomwelo. Kalata yanga ija simunayankhe. Bambo akuti mwina ndi positi, ine ndikuti kukhala chete n'kuvomereza. Za timipango tija tiuzeni ngati zitheka.

Khalani pansi, azakhali, mumve zimene mwana wa achimwene anu wachita!

Msonkhano unachitika Lachisanu m'kalasi ya Folomu 2, makolo atadzipanikiza pamadesiki, mawondo ali m'mwamba. Bambo analipo. Timoteyo anakana kubwera. A Miti anafotokoza zawo zija, zoti oweruza adzatiseka ndiponso zoti mnyamatayo alibe chiwongo. Makolo ambiri ankangogwedeza mitu kuvomereza. Esitere ananditsina, ndiye ndinapita kutsogolo n'kugwada.

Ndinati, "Makolo athu, ine ndine mwana, ndabwera kuti mundiphunzitse. Pachingoni, mwamuna akapanda kulowola, mwana wobadwayo amakhala wa ndani?"

Bambo wina wachikulire anayankha msanga, wokondwa kuti wafunsidwa za mwambo. Anati, "Ameneyo ndi wa kwa amake. Amatenga chiwongo cha agogo ake, mwini khomo."

Ndinati, "Zikomo. Nanga mzungu uja anapereka ng'ombe zingati kwa malemu agogo anga polowola azakhali a Felista?"

Kenako wina kumbuyo anafuula kuti, "Ngakhale nkhuku!" Anthu anafa nacho chiseko. Ine ndinadikira athe, n'kunena kuti, "Ndiye Timoteyo ndi Soko ngati ine. Mwambo umene mukumutsekera nawo pakhomo ndi womwewo ukumulowetsa m'nyumba."

Azakhali, mukanaona! Mayi wina anaimba nthungululu. Bambo wachikulire uja anamenya desiki, amvekere, "Mwanayu watigwira pakamwa." Bambo anga anawerama nthawi yonseyo, ndikudziwa ankabisa chimwemwe kuti anthu asati akudzitama.

Komiti yati nkhani ya amene apite ku Boma ndi ya aphunzitsi, ndipo a Miti angoti tiona. Koma amulola Timoteyo kuti aziphunzira nawo gule pabwalo, osati kumakabisala kudimba. Wasiyanso kujomba. Chodabwitsa n'choti ineyo sakundilankhula, kaya ndi nsanje poti msuweni wake watchuka. Ndikanakonda mukanakhalapo kuti mumve mmene ndinakumenyerani nkhondo.

Mwana wanu,
Luwiza

Limbe
13 Juni 2000

Achimwene a Zakeyu,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine thupi lili bwino, mtima ndiwo ayi. Mundiuze msanga ngati kalata imene ndinalembera Luwiza mwezi watha inafika, chifukwa zimene ndawerenga dzulo zikuonetsa ngati ndinalembera mphepo.

Mwana wanu wandivula pagulu, achimwene, inu muli pomwepo! Nkhani imene inandichotsa pamudzi, imene ngakhale malemu bambo athu sankaitchula pakhomo, lero yakambidwa m'kalasi, mpaka munthu kufuula kuti pa ine sipanaperekedwe ngakhale nkhuku. Anthu n'kuseka. Ankaseka ine, mlongo wanu. Ndipo mwanayo akundilembera monyadira ngati wapha njoka pakhomo, ati wandimenyera nkhondo. Ndinamutuma ndine?

Ndinali mtsikana, ndinkagwira ntchito m'nyumba ya bwana uja, ndinakhulupirira zimene ankandilonjeza. Zimenezo ndi za ine ndi Mulungu wanga, si za komiti ya sukulu. Dzulo ndinalephera kusoka, ndinathyola singano mpaka kapitawo anandifunsa ngati kwathu kwagwa maliro.

Ndapempha tchuthi. Ndibwera kumayambiriro kwa Julayi kudzamutenga Timoteyo. Mumuchapitse zovala, ndipo mukapemphe kalata ya transifa kwa a hedi. Ku Bomako asakavine. Luwiza mumuuze kuti sukulu yamupatsa pakamwa koma yamumana manyazi.

Mlongo wanu,
Felista

Zulu, Mchinji
20 Juni 2000

Mlongo wanga Nasoko,

Ndayamba ndi moni m'dzina la Ambuye. Kuno tadzuka, kungoti chisanu chalimba. Tiuzeni tsiku lenileni lobwera kuti alamu anu akonzeke.

Makalata anu onse awiri afika tsiku limodzi. Yoyamba ija mwini golosale, amene timalandirira makalata pabokosi lake, anaiika pansi pa katoni ya sopo n'kuiwala. Ikanafika pa nthawi yake, mwina Luwiza sakanapita kumsonkhano, ngakhale mwana ameneyu sindingamulumbirire.

Ndamukalipira kwambiri. Pamsonkhano paja ndinawerama chifukwa cha manyazi, iye ankaona ngati ndikubisa chimwemwe. Atawerenga makalata anu analira, chakudya anakana. Analankhula zoona pamalo olakwika, ndipo anagwira nkhani yoposa msinkhu wake. Pamenepo mwakwiya moyenera.

Koma ndikuuzeninso zina, poti ndikabisa ndikhala wabodza. Ena mwa anthu amene anaseka aja akumandipeza pachigafa n'kumafunsa kuti, "Soko wamng'ono wadzuka bwanji?" Mawu amenewa chibadwire mwanayu sindinawamvepo. Kusukulu akupita tsiku lililonse, m'mawa akumadzuka yekha osachita kumugogodera. Lachitatu ndinapita kukaonerera akuphunzira gule. Sindikufotokozerani, mungati ndikumukometsera. Ndingonena kuti nditabwerera kunyumba ndinatsitsa chishango changa padenga, ndinachipukuta, n'kumupatsa.

Kalata ya transifa sindinakapemphe. Mnyamatayu ali Folomu 3, wayamba kumera ndevu, si thumba la mtedza loti tingolikweza pa minibasi. Mwana ndi wanu, mawu omaliza ndi anu. Koma ndamuuza kuti akulembereni yekha, ndipo pepala lake ndaliika momwemu. Sindinaliwerenge.

Mlongo wanu,
Zakeyu Soko

Amayi,

Muli bwanji? Ine ndili bwino. Juzi ndili nayo koma yafupika manja. Amalume akuti ndilembe ndekha. Sindidziwa kulemba zambiri ngati Luwiza, amene pakamwa pake sipatseka ngakhale akudya.

Zoti anthu adzandiyang'ana ku Boma ndikudziwa. Amandiyang'ana kale kutchalitchi, kuchigayo, ngakhale pamaliro. Koma ndikamavina amayamba ayang'ana tsitsi, kenako amaiwala n'kumayang'ana mapazi. Zimenezi sizichitika pena paliponse.

Mukuti ku Limbe kuli ana onga ine. Amayi, Chingerezi changa ndi cha pano pa Zulu, ndimadziwa kukumba mbewa ndi kumanga fodya. Kumenekonso adzandifunsa kuti ndine wa kuti. Funso limeneli landitopetsa. Ndikufuna ndiliyankhe konkuno.

Zimene ananena Luwiza zinandiwawa chifukwa cha inu, n'chifukwa chake ndinasiya kumulankhula. Koma tsiku lina kamwana ka Folomu 1 kanandiitana kuti "a Soko." Ndinachedwa kutembenuka, sindinadziwe kuti kakunena ine. Ndinasangalala tsiku lonse, musakwiye.

Mukandiletsa sindivina, ndinu amayi anga. Koma musandiletse pakalata. Mubwere mudzandiletse nokha mukundiyang'ana.

Timoteyo

Zulu, Mchinji
27 Juni 2000

Azakhali,

Moni. Sindikufunsa za nsalu, sindikufunsa kanthu. Ndingofuna kumva ngati mtima wanu watsikako.

Pepani. Ndinkaganiza za kugonjetsa a Miti, za inu sindinaganize n'komwe. Chiseko chija ndinkachimva ngati chondichemerera, pano ndikachikumbukira ndimafuna kulowa pansi. Mundikhululukire. Koma zoti ndikufuna kutchuka ndi mwana wanu, zimenezo ayi, azakhali, mwandilakwira. Ine ndi amene ndimakhala naye m'kalasi akamamunena, inu simumva.

A Miti atulutsa mayina omaliza, ndipo Timoteyo mulibe. Akuti kuphunzira nawo aphunzire, koma ku Boma a hedi sakufuna zochititsa manyazi sukulu. Ndiye ife tapangana. Pajatu ingoma yathu ilibe ng'oma, imayendera manja ndi mawu a atsikana. Ife tikapanda kuwomba, anyamatawo angokhala ngati akuponda linthumbu. Atsikana onse alumbira kuti akatiitana pabwalo popanda Timoteyo, manja tiika kumbuyo. Anyamata nawo akuti aika zishango pansi. Atichotse sukulu ngati akufuna. Esitere bambo ake amuopseza kale ndi chikwapu, koma akuti amenyedwa akabwerako.

Chinthu chimodzi ndikulonjezani. Zikatheka n'kuvina, akadzatuluka kukagiya tidzangoimba nthungululu basi, chiwongo sitidzatchula. Atsikana ndawauza onse. Dzina limenelo ndinalitulutsa pagulu osapempha mwini nkhani, sindibwerezanso. Timoteyo ndamuuza, wangoti, "Chabwino, ndazolowera."

Mwana wanu, ngati mukundiwerengerabe,
Luwiza

Limbe
12 Julayi 2000

Luwiza mwana wanga,

Ndafika bwino. Moni kwa onse, ndipo undiuze ngati Esitere anamenyedwadi, kuti ndiwalembere bambo akewo. Mawu anga sanabwererebe, kuntchito akundifunsa ngati ndadwala chimfine. Loweruka la mpikisano lija sitinathe kukambirana, anthu anachuluka ndipo ine ndinkathamangira minibasi kuti Lolemba ndipezeke pamakina. Ndiye ndikulembera zimene iwe sunaone, poti unali pakati pa bwalo.

Ndinabwera kudzamuletsa Timoteyo, usaganize zina. Tchuthi anandipatsa mochedwa, ndinagona ku Lilongwe kwa mnzanga, m'mawa n'kukwera minibasi nditanyamula chikwama chachikulu chopanda kanthu choti ndiikemo zovala zake. Minibasiyo inkaima paliponse. Pa Namitete tinadikira anthu mpaka ndinafuna kutsika kuti ndiyende wapansi. Pofika pabwalo la ku Boma, chimkuzamawu chinali chikuitana kale sukulu yanu. Ndinaima kumbuyo, pafupi ndi amayi ogulitsa nzimbe.

Ndinaona anyamata akuika zishango pansi mmodzimmodzi, atsikana manja kumbuyo, mitu ili chilili. Wolengeza uja anafuula kuti, "Sukulu imeneyi, nthawi ikutha!" Palibe anasuntha. Kenako ndinakuona iwe ukupita kukagwada pamaso pa a Miti, ndipo mawu ako anamveka mpaka kumbuyo kumene ndinali: "Aphunzitsi, sitinakwane." Ndinati mumtima, kamwana aka kakufuna kundipha.

Amene anayambitsa phokoso ndi ana a sukulu ina ya ku Kapondo, ana a matenanti aja amene anthu amawatcha obwera. Ataona Timoteyo ataima pambali, anayamba kufuula, "Avine! Avine!" mpaka masukulu ena anapolokezana nawo. A Miti anayang'ana a hedi, a hedi n'kumayang'ana nsapato zawo. Kenako a Miti anavula chipewa, anakanda m'mutu, n'kuloza ndi ndodo kumene kunaima Timoteyo ndi achimwene, thumba la zikopa lili pansi.

Mwana wanga sanasunthe msanga. Ankayang'anayang'ana m'gulu la anthu, ndipo ndinadziwa kuti akufunafuna ine. Ndikanangokweza dzanja, akanamvera, ndikumudziwa. Dzanjalo linakana kukwera, Luwiza. Atasowa womuletsa anavula malaya.

Ndipo anthu anasekadi, monga ndinanenera. Bambo wina pafupi nane amvekere, "Eee, koma ziliko, mzungu wavala zikopa!" Ndinafuna kuthawa, koma inu munali mutayamba kale nyimbo, manja akulira, anyamata akuponda mpaka nthaka kumanjenjemera. Chiseko chija chinatha pang'onopang'ono. Mayi wogulitsa nzimbe anasiya kusenda, mpeni uli m'manja. Bambo woseka uja anayamba kukankha anzake kuti aone bwino.

Anyamata ankatuluka kukagiya mmodzimmodzi, inu n'kumawatama: "Daka! Lungu! Tembo!" Kenako anatuluka wanga. Mayo ine, ndinabereka mwana ameneyu koma sindinkamudziwa! Analumpha, anamenya chishango, anaponda pansi fumbi kuti kobo. Nthungululu zinamveka, koma pamalo pa dzina panangoti zii. Ndinakuona utaluma mlomo, atsikana onse akuyang'ana iwe, iwe osatsegula pakamwa. Iye anapitiriza kuvina choncho, mutu uli m'mwamba, popanda womutchula, pamaso pa Mchinji yense.

Zimenezo sindikanapirira. Chikwama chija ndinachiponya kaya kuti, mpaka lero sindinachipeze. Ndinakankha anthu n'kulowa m'bwalo ndikufuula, "Soko! Soko! Mwana wa kwa Soko!" Zotsatira ukuzidziwa, mmene inu atsikana munalandirira dzinalo, achimwene n'kuponya chipewa m'mwamba ngati mnyamata. Chimene sunamve n'chakuti pamene ndinavula duku kuti ndimupukute thukuta, monga amachitira amayi kwa wovina wawo, iye anandifunsa akupumira m'mwamba kuti, "Amayi, mwabwera kudzandiletsa?" Ine ndinati, "Vina iwe, ukuchedwetsa anzako!"

Zoti munakhala achitatu chifukwa munataya nthawi poyamba paja zisakudandaulitseni. Oweruzawo ali ndi wotchi, ife tili ndi maso. A Miti anandipeza pambuyo pake n'kundipatsa moni ndi manja awiri, amvekere, "A Nasoko, mnyamata wanu amavina." Zambiri sananene, ndipo ine sindinawaumirize. Musawanyoze, koma za mabuku zija musazisiye, gulu lanulo lipitenso kwa a hedi. Ndanyadira nonsenu, ndipo ndikunena mosabisa.

Ku sukulu ya kuno ndawauza kuti malo aja apatse wina. Timoteyo amalizira konko.

Sindikunena kuti unachita bwino pamsonkhano paja, nkhani ya munthu wamkulu sakamba choncho, ndipo ukadzakula udzamvetsa. Koma ndakukhululukira. Ng'ombe zimene sizinabwere zija ndinazilira zaka zambiri, Luwiza, ndinkadziona ngati mkazi wotayidwa. M'basi pobwerera ndinayamba kuganiza kuti zikanabwera, mwana uja akanakhala wa eni ake, akanamutenga n'kupita naye kwawo, ndiye Loweruka ine ndikanafuula dzina la ndani? Asunge ng'ombe zakezo. Mwana ndi wathu.

Azakhali ako,
Felista Nasoko